Kaundula wa zowerenga za chaka: zopeka ndi zochitikadi tizilemba motani?

Adimini:
Moni nonse, abambo ndi amayi. Disembala akafika, funso limakhala lomweli: munthu akufuna kudziwa mabuku amene wawerenga chaka chino, koma akukumbukira asanu okha, ndipo awiri mwa asanuwo mwina ndi a chaka chatha. Za chaka chino zapita, tikonzekere Januwale. Amene muli ndi njira yosungira kaundula wa zowerenga tiuzeni mmene imayendera: mumalemba pati, mumalembamo chiyani, nanga zopeka mumazilekanitsa bwanji ndi zochitikadi? Chonde, mndandanda wa mabuku amene akukomerani tidzakambirana padera.

Aphunzitsi:
Zikomo a Adimini. Ndiyambe ndi kope, poti silifuna bandulo ndiponso silidikira magetsi. Gulani hadikava. Kope la sukulu la chikuto chofewa likamafika Juni masamba apakati amakhala atathothoka. Dumphani masamba anayi oyamba, mudzawafuna pophatikiza ziwerengero za mwezi uliwonse. Kenako tsegulani masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere jambulani ndi rula makolamu asanu ndi awiri: nambala, mutu wa buku, mlembi, mtundu, masamba, tsiku loyamba, tsiku lomaliza. Kumanja musajambule kanthu, ndi malo a ndemanga. Buku lililonse lipatseni mizere itatu kuti ndemanga yakumanja izikhala moyang'anizana ndi buku lake.

Pa kolamu ya mtundu muzilemba chilembo chimodzi: P pa zopeka, C pa zochitikadi.

Chimene chimapha makaundula ambiri ndi kudikira kuti mumalize buku kenako mulembe. Mutu ndi tsiku loyamba zilembedwe tsiku lomwe mwatsegula bukulo. Mukadikira, buku lobwereka limabwerera kwa mwini wake musanalilembe, dzina la mlembi mwaiwala, masamba simukudziwa kuti analipo angati. Komanso buku limene munasiyira panjira silionekanso paliponse, pamene mukalemba poyamba, mpata wa tsiku lomaliza umatsala wopanda kanthu n'kumakuyang'anani.

Makolamu asapitirire asanu ndi atatu. Ena amawonjezera wosindikiza, chaka, mtengo, dziko la mlembi, maonekedwe a chikuto. Kulemba buku limodzi kumasanduka ntchito ya mphindi khumi, ndipo Malichi asanathe kope lagona pansi pa bedi.

Anaphiri:
Aphunzitsi, P ndi C zokhazo zikwanira? Ndakatulo ndiziika pati? Nanga nthano za makolo? Nanga mbiri ya moyo wa wandale imene aliyense akudziwa kuti mwina theka ndi bodza?

Aphunzitsi:
Mayi, wandaleyo mumuike pa C basi, bodzalo mulilembe kumanja kuja. Zinazo ayankhe a ku laibulale.

Wa ku Laibulale:
Anaphiri mwafunsa bwino, chifukwa apa ndi pamene ziwerengero za anthu ambiri zimasokonekera. Choyamba, musadalire nambala ya pamsana pa buku la ku laibulale kuti ikuuzeni ngati ndi lopeka. Malaibulale ambiri amatsata dongosolo la Dewey, limene limagawa mabuku potengera nkhani yake: za chipembedzo 200, za chikhalidwe cha anthu 300, za ulimi 630, mbiri ndi malo 900. Mbiri ya Malawi mudzaipeza pa 968.97, ya Zambia pa 968.94. Koma nthano za makolo zili pa 398.2, pakati pa mabuku a zochitikadi, ngakhale m'kati mwake kalulu akulankhula ndi njovu. Ndakatulo ndi zisudzo zili mu 800 pamodzi ndi mabuku ounika zolembazo, ndipo zolembedwa m'ziyankhulo za ku Africa zili pa 896. Nambala imodzi ikhoza kusunga zopeka ndi zochitikadi pa shelefu yomweyo.

Funso lodzifunsa ndi ili: mlembi akukulonjezani chiyani? Ngati akunena kuti zimenezi zinachitika kapena umu ndi mmene zinthu zilili, ndi C, kaya mukumukhulupirira kaya ayi. Ngati anthu ndi zokamba zawo wazilenga yekha, ndi P, ngakhale nkhaniyo ichitikire m'nthawi ya chitaganya ndipo mukhale mayina a anthu amene analipodi. Buku la nthano zongosonkhanitsidwa kuti anthu asangalale nazo, P. Buku la katswiri wofotokoza chiyambi ndi ntchito ya nthanozo, C, ngakhale atchulemo nthano makumi awiri.

Ndakatulo ndi zisudzo zipatseni chilembo chake, N. Mukazikakamiza kulowa mu P zimakweza nambala ya zopeka mopanda chilungamo, chifukwa timabuku ta ndakatulo timakhala topyapyala.

Chofunika kwambiri, malamulowa muwalembe kuseri kwa chikuto mu Januwale. Lamulo losalembedwa limasintha lokha pofika Novembala, nthawi zonse mokomera mwini kope.

Abanda:
Mawu omalizawo ndi amene ndimafuna ndigwirepo. Kuwerengera mabuku okha kuli ngati kuwerenga matumba a chimanga osawaika pa sikelo: lina ladzaza, lina lili theka, onse mukuti thumba. Nthano yaitali ya masamba 180 ndi buku la mbiri la masamba 600 zonse zimalowa ngati 1. Zotsatira zake, munthu amene wadziikira mabuku 40 akaona kuti watsalira, amayamba kusankha tating'ono tokhatokha, ndipo amene amayamba kutayidwa ndi mabuku a zochitikadi, poti ndiwo onenepa ndi ochedwetsa.

Ikani cholinga cha masamba, mabuku azingotsatira. Tiyerekeze kuti buku lililonse lili ndi masamba 300. Mabuku 12 pachaka ndi masamba 3,600, pafupifupi 10 patsiku. Mabuku 24 ndi masamba 7,200, pafupifupi 20 patsiku. Buku limodzi pasabata, 52 pachaka, ndi masamba 15,600, kutanthauza 43 tsiku lililonse, ngakhale tsiku la maliro ndi la chinkhoswe. Musanalonjeze pagulu pano kuti muwerenga 52, tengani wotchi muone kuti masamba khumi amakutengerani mphindi zingati, pa nthano padera, pa buku la mbiri padera. Mukachulukitsa mudzaona nokha ngati nthawiyo ilipo.

Ndipo zolinga zikhale ziwiri, cha P ndi cha C. Chikakhala chimodzi, P amadya gawo la mnzake mwakachetechete.

Nangozo:
Abanda, masamba nawonso amanama. Buku la zilembo zikuluzikulu ndi mizere yotalikirana silifanana ndi la kaunjika lija la tizilembo tothinana. Sindikukana njira yanu, koma ikufunika lamulo limodzi: lembani masamba amene mwawerengadi, osati amene ali m'bukumo. Mabuku ambiri a zochitikadi ali ndi masamba makumi angapo kumapeto a mndandanda wa mabuku ena, mawu ofotokozera ndi mlozera. Onani nambala ya tsamba pamene mutu womaliza wathera, imeneyo ndiyo mulembe. Ngati mwawerenga mawu otsogolera aja a manambala achiroma, i, ii, iii, awonjezereni.

PDF ili ndi manambala awiri, ya pamwamba pa foni ndi yosindikizidwa patsamba penipeni. Sagwirizana, chifukwa foni imawerengera chikuto ndi masamba opanda kanthu. Tengani yosindikizidwayo. EPUB, mtundu wina wa fayilo ya mabuku owerengera pa foni, ndiye ilibe masamba okhazikika: mukakulitsa zilembo masamba amachuluka. Pamenepo fufuzani masamba a buku lapepala lomwelo, mulembe amenewo, muike kachizindikiro kosonyeza kuti ndi ongoyerekeza.

Abanda:
Zoona, achemwali. Ndavomera zonsezo. Ndingoti kunama kwa masamba n'kochepa poyerekeza ndi kunama kwa mabuku.

Mlangizi wa Ulimi:
Pali vuto lina la C limene silinatchulidwe. Mabuku ambiri a zochitikadi sawerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Munthu amatenga buku la za nthaka, awerenge mutu wachitatu ndi wachisanu ndi chiwiri, zimene amafuna wazipeza, walibweza. Ameneyo sanalephere kumaliza, koma sanamalizenso. Pa kolamu ya tsiku lomaliza lembani mawu oti gawo, pa masamba mulembe amene mwawerengawo, monga 45 mpaka 92. Masambawo alowe m'chiwerengero cha chaka, bukulo lisalowe m'gulu la omalizidwa. Dikishonale, buku la zophikaphika ndi buku la malamulo a pamsewu musazilembe n'komwe, zimangodzaza mizere.

Mabuku a mayeso ndi a kuntchito nawonso akhale patsamba lake kumapeto kwa kope. Mukawasakaniza, C amaoneka wonenepa pamene zowerenga mwa kufuna kwanu palibe.

Akuluampingo:
Nanga Baibulo? Wina anganene kuti wawerenga mabuku 66.

Aphunzitsi:
Ndipo Akatolika anganene 73, n'kutiposa tonse! Bambo, lipatseni tsamba lakelake, muziwerengera machaputala. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189: Chipangano Chakale 929, Chatsopano 260. Lembani mayina a mabukuwo motsika, kutsogolo kwa lililonse mundandalike manambala a machaputala ake, muzidula kamzere pa nambala mukawerenga. Wofuna kulimaliza m'chaka chimodzi, machaputala atatu patsiku ndi asanu Lamulungu amakwana 23 pasabata, 1,196 pa masabata 52, ndiye kuti pali kampata ka machaputala asanu ndi awiri okha. Mukadumpha sabata yathunthu muyenera kubweza. M'kaundula wamkulu lidzalowe kamodzi, tsiku limene mwamaliza.

Angozo:
Kwa amene akufuna kuti makina aziwaphatikizira, Google Sheets kapena Excel imagwira ntchito yomweyi. Makolamu omwe aja a Aphunzitsi, A mpaka G: D ndi mtundu, E masamba, F tsiku loyamba, G tsiku lomaliza. Chaka chilichonse chikhale ndi tsamba lake. Pambali, tinene pa kolamu J, lembani izi mu Google Sheets:

=COUNTIFS(D2:D,"P",G2:G,"<>") ikupatsani mabuku opeka amene kolamu yawo ya tsiku lomaliza yalembedwa.
=SUMIFS(E2:E,D2:D,"P") ikupatsani masamba onse a zopeka.

Sinthani P akhale C kapena N pa mizere yotsatira. Pa Excel lembani malire, monga D2:D200 ndi G2:G200. Dziwani kuti fomula yoyambayo imawerenga chilichonse chimene chili mu G, ndiye mawu a Alangizi aja oti gawo muwaike pa kolamu H, G ikhale ya madeti basi.

Zimene zimavuta kawirikawiri ndi zitatu. Kiyibodi ya foni imakonda kuwonjezera kampata pambuyo pa chilembo, ndipo P wokhala ndi kampata fomula simuwerenga. Mudzangoona kuti mabuku alipo 20 koma P, C ndi N akuphatikizana 18. Mankhwala ake ndi Data validation: kolamu D ikhale yosankha pa mndandanda, osati yolemba pamanja.

Chachiwiri ndi madeti. Ngati fayilo yatcheredwa pa United States, mukalemba 03/04 imamva kuti Malichi 4 pamene inu mukunena 3 Epulo, ndipo 25/04 imaitenga ngati mawu wamba chifukwa kulibe mwezi wa 25. Chizindikiro chake: deti lenileni limatsamira kumanja, lotengedwa ngati mawu limatsamira kumanzere. Pa kompyuta, mu Google Sheets, lowani File, Settings, musinthe Locale ikhale United Kingdom musanalembe buku loyamba.

Chachitatu ndi cha amene amasunga ISBN, nambala yozindikiritsa buku yopezeka kuseri kwa chikuto. Excel imaisintha nambala ya madijiti 13 kukhala 9.78E+12, ndipo ISBN yakale ya madijiti 10 yoyamba ndi ziro imataya ziroyo. Sinthani kolamuyo ikhale Text musanalembe, kapena yambani ndi kankhodolero.

Pa foni sankhani kuti fayilo izitseguka popanda intaneti, izidzalumikizana yokha netiweki ikabwera.

Anaphiri:
Achimwene, zonsezi pa foni yaing'ono zitheka?

Angozo:
Kukonza koyambako chitani pa kompyuta kamodzi, mphindi makumi awiri zikwana. Kulowetsa buku tsiku ndi tsiku foni ikwanitsa.

Anabanda a ku Leeds:
Palibe watchula mapulogalamu opangidwira zimenezi, ndiye ndinenepo. Goodreads inayamba mu 2007, Amazon inaigula mu 2013. Ili ndi Reading Challenge, pamene mumaika nambala ya mabuku a chakacho. Imawerengera mabuku, ndiye vuto la Abanda lija lilipo. Imatsatanso tsiku lomaliza: buku lopanda detilo silowa m'chakacho ngakhale muliike pa shelefu ya owerengedwa, ndipo deti likalakwika limapita chaka china. Yokha sikulekanitsirani zopeka ndi zochitikadi, muyenera kupanga mashelefu anuanu awiri n'kumakumbukira kuika buku lililonse. Onetsetsaninso kuti mwasankha mtundu wa buku umene muli nawo m'manja, chifukwa buku limodzi limakhala ndi masindikizidwe angapo a masamba osiyana.

StoryGraph, imene anayambitsa Nadia Odunayo wa ku Britain mu 2019, ndiyo yoyandikira zimene tikukambazi. Imajambula yokha gawo la zopeka ndi la zochitikadi, imalola cholinga cha mabuku, cha masamba ndi cha maola omvera, ndipo ili ndi malo a mabuku osiyidwa panjira. Ochokera ku Goodreads akhoza kusamutsa kaundula wawo: pa burawuza lowani My Books, Import and export, mutulutse fayilo ya CSV, mukailowetse ku StoryGraph.

Amene muli kuno ku Britain ndipo mumabwereka mabuku pa pulogalamu ya Libby ndi khadi la laibulale, gawo lake la Timeline limasunga tsiku lobwereka ndi lobweza. Limenelo si tsiku lomaliza kuwerenga, musakopere m'chimbulimbuli.

Wa ku Laibulale:
Anabanda, mapulogalamuwa ali bwino pa mabuku a ku London ndi New York. Pa mabuku athu ndi pamene amakhumudwitsa. Mabuku ambiri a Chichewa ndi osindikizidwa kuno mulibemo, kapena alimo opanda chikuto ndi masamba. Akale ena alibe ISBN n'komwe. Amene ali nayo mudzawazindikira: pambuyo pa 978, a ku Malawi amayamba ndi 99908 kapena 99960, a ku Zambia 9982. Pa Goodreads masiku ano kuti buku latsopano lilowe mumapempha ku Goodreads Librarians Group n'kudikira. StoryGraph ndi LibraryThing zimalola kuti mulilowetse nokha. Ngozi yake ndi yoti ulesi ukagwira, munthu amangolemba opezeka mosavuta, ndipo kumapeto kwa chaka kaundula amaonetsa ngati sanawerengeko chilichonse cha kwawo.

N'chifukwa chake kolamu yachisanu ndi chitatu ija, ngati muifuna, ndingaipereke ku chiyankhulo. Ch pa Chichewa, Tu pa Chitumbuka, Ng pa Chingerezi, chilembo kapena ziwiri.

Anabanda a ku Leeds:
Pamenepo sinditsutsa. Ndingowonjezera kuti amene ali pa pulogalamu azitulutsa CSV ija kawiri pachaka, aziisunga pa imelo. Akaunti imatha kutsekeka.

Nangozo:
Mabuku omvera tiziwatani? Ena amati si kuwerenga.

Abanda:
Mkangano umenewo tiusiye, sutha. Alembeni, ndi chizindikiro chawo, ndipo pa masamba muike maola. Musasandutse maola kukhala masamba, ndipo lembani utali weniweni wa bukulo, osati nthawi imene mwatha mutalithamangitsa pa 1.5. Kumapeto kwa chaka mudzakhala ndi manambala awiri, masamba ndi maola, aliyense payekha.

Mlangizi wa Ulimi:
Buku loyambidwa pa 20 Disembala n'kutha pa 10 Januwale, la chaka chiti?

Aphunzitsi:
Bukulo ndi la chaka chimene latha. Masamba agaweni. Usiku wa 31 Disembala lembani tsamba limene mwafika pa mabuku onse amene ali m'kati, masamba amenewo atsale m'chaka chakale, otsalawo alowe m'chatsopano. Mukapanda kutero buku la masamba 700 limagwera lonse mu Januwale, mwezi umenewo n'kuoneka ngati munali pa tchuthi.

Buku lobwereza kuwerenga lipatseni mzere watsopano ndi chilembo B pambali. Musafufute deti lakale.

Anaphiri:
Nanga losiyidwa panjira mumalidikira mpaka liti musanalitchule kuti lafa?

Wa ku Laibulale:
Pa zopeka pali lamulo lodziwika la Nancy Pearl, wogwira ntchito ya laibulale wa ku Seattle: lipatseni buku masamba 50, likapanda kukugwirani lisiyeni. Opitirira zaka 50 achotse zaka zawo pa 100, ndiye wa zaka 70 akwanira ndi masamba 30. Pa zochitikadi lamuloli siligwira bwino, chifukwa masamba 50 oyamba nthawi zambiri amakhala oyala maziko ndipo ndiwo ouma kwambiri. Pamenepo onani mndandanda wa mitu, musankhe mutu umodzi wapakati umene ukukukhudzani, muuwerenge. Ukakanika umenewo, libwezeni.

M'kaundula, buku likatha masiku 60 osakhudzidwa, lembani kuti ndasiya, tsamba limene munafika, ndi chifukwa m'mawu atatu kapena anayi. Zifukwazi zimaphunzitsa kuposa mabuku omalizidwa. Mukaona kuti osiyidwa onse ndi PDF za pa foni, vuto si mabukuwo.

Nangozo:
Tibwerere ku tsamba lakumanja lija, poti tathamangira manambala. Ndemanga ya P ndi ya C sizilembedwa mofanana.

Pa zopeka musafotokoze nkhani yonse, mizere itatu siikwana ndipo simudzaifuna. Lembani mayina a atengambali awiri kapena atatu, kumene nkhani ikuchitikira, ndi chochitika chimodzi chimene chakukhalani m'mutu. Dzina ndi chochitika chimodzi zimadzutsa buku lonse ngakhale patapita zaka. Mawu oti linali labwino kwambiri sadzutsa kanthu, ndipo mudzawapeza alembedwa pa mabuku khumi.

Pa zochitikadi lembani mfundo yaikulu ya mlembi m'chiganizo chimodzi cha mawu anuanu, buku litatsekedwa. Mukalephera, ndiye kuti simunalimve, bwererani ku mutu woyamba ndi womaliza. Kenako mfundo ziwiri zokhala ndi manambala a masamba, ndi chimodzi chimene simunagwirizane nacho. Nambala ya tsamba musaiwale. Mfundo yopanda tsamba simungaipezenso tsiku la mtsutso, ndipo mudzayamba kukayika ngati inachokeradi m'bukulo.

Poti mabuku ambiri ndi obwereka ndipo simungalembemo, pindani pepala la A4 kawiri likhale chizindikiro cha pamene mwalekezera. Muzilembapo tsamba ndi mawu awiri pamene mukuwerenga. Pomaliza sankhanipo zolowa m'kope, pepalalo mulimate kumapeto kapena mulitaye. Mukakopera mawu a mlembi ndendende, aikeni m'mitengero, kuti mawa musadzawayese anu.

Aphunzitsi:
Zimenezo ndizo, achemwali. Masamba anayi oyamba aja ntchito yake ndi iyi: tsiku lomaliza la mwezi, mphindi zisanu, lembani mzere umodzi wa mwezi umenewo, mabuku a P, C ndi N, masamba a lililonse, ndi osiyidwa. Mukaona C ali pa ziro miyezi iwiri yotsatizana, buku lotsatira mwalidziwa kale. Kuphatikiza kamodzi mu Disembala kumangokuuzani zimene simungathenso kukonza.

Tsiku lomwelo jambulani masamba a mweziwo ndi foni, mudzitumizire pa imelo kapena pa WhatsApp. Lembani ndi bolopeni wamba: inki ya madzimadzi imayenderera kope likanyowa, pensulo imafufutika pokhudzana masamba. Kope lisagone pansi kapena kutsamira khoma, chiswe ndi chuku za m'dzinja sizisankha.

Akuluampingo:
Kolamu ya mwini buku palibe waitchula, ndipo ena pagulu pano ali ndi mabuku a anzawo chaka chachitatu tsopano.

Adimini:
Bambo, mayina musatchule, chonde.

Wa ku Laibulale:
Imeneyo isalowe pakati pa makolamu, ikhale tsamba lomaliza la kope, logawidwa pawiri. Kumtunda amene ndabwereka: mutu, mwini wake, tsiku lotenga, tsiku loyenera kubweza. Kumunsi amene ndabwereketsa, chimodzimodzi, ndipo wobwerekayo alembe yekha dzina lake ndi dzanja lake asanatuluke nalo pakhomo. Likabwera dulani mzere. A ku laibulale lembaninso nambala ya pamsana ija, mudzalipeza msanga pa shelefu mukadzafuna kuonanso tsamba limene munalemba m'ndemanga.

Angozo:
Fayilo yokhala ndi makolamu ndi mafomula aja ndiikonza usiku uno, a Adimini aikhome pamwamba pa gulu. Mukaitsegula musalembemo, pangani kope lanu kudzera pa File, Make a copy. Amene akufuna kolamu ya chiyankhulo ndi ya maola anene lisanafike Lachisanu.